Za Kuphunzitsa Tiana Mvula, Mphepo ndi Dzuwa

Makolo okondedwa a ku Msundwe, ndi inu nonse a ku Mpingu, ku Namitete, ku Nsaru, ku Kabudula ndi ku Nambuma amene mulandira kalata iyi m'nyumba zanu, mwezi uno tifuna kukamba nanu za tiana tija tangoleka kukwawa, ta zaka ziwiri kufikira zinai, timene tilondola amai ao ku chitsime ndi ku dimba ndi kufunsa dzina la kanthu kali konse. Ambiri a ife tiyesa kuti mwana wotere sanafike pa msinkhu wakuphunzira, koma kudya, kusewera ndi kugona basi. Koma taonani, pa msinkhu womwewo mwana atola chinenero chonse cha amai ake popanda sukulu, popanda buku. Nanga adzalephera bwanji kusiyanitsa mtambo wa mvula ndi utsi wa moto wa m'tchire? Ife a dziko lino tidya za m'munda, ndipo munda udya za kumwamba. Chifukwa chake mwana wa mlimi ayenera kuzolowera msanga kukweza maso.

Tisayese kuti nkhani iyi njachabe, yoyenera agogo osowa chochita. Chaka chiri chonse m'dziko lathu alipo ana amene agwa m'dzenje la madzi, ena apsa pa moto wa m'chisanu, ena aombedwa ndi mphenzi patsinde pa mtengo. Alipo enanso ambiri amene thupi lao lapulumuka, koma mumtima mwao mwabzalidwa bodza lonena za mvula ndi mphenzi, limene lidzabala zipatso zowawa patapita zaka makumi awiri. Tsono chimene tipempha ndi ichi: mwana apatsidwe dzina loona la chimene aona kumwamba, pamodzi ndi chimene ayenera kuchita pochiona, asapatsidwe mantha, ndipo asapatsidwe bodza.

Maina ake

Mwana wa zaka ziwiri sadziwa Januwale kapena Okutobala. Ngakhale mau akuti dzulo ndi mawa amsokoneza. Chimene adziwa ndicho chiri pa khungu lake lero: mame ozizira ku zala za kumapazi, pfumbi m'maso, dontho pa liwombo. Pamenepo ndi pamene tiyenera kuyambira. Mai akatuluka m'mamawa mwana ali kumbuyo, anene chimene aona monga alankhula ndi mnzake: "Taona, lero kuli nkhungu, mtengo wa mango uja sulikuoneka." M'mawa mwake: "Lero kwayera mbee, dzuwa latuluka." Mvula ikadza mwakachetechete, atate amtulutse dzanja kunja kwa khonde kuti madontho amgwere. Amuonetse kumene upita utsi wa pa moto, ndi chitenje choyanika pa chingwe m'mene chibvinira. Pakuti mphepo siioneka ndi maso, koma nchito zake zioneka. Amuonetse chithunzithunzi chake, chachitali m'mawa, chobisala pansi pa mapazi dzuwa liri pamutu. Mau amodzi pa tsiku akwanira, koma abwerezedwe masiku ambiri, ndipo mwana akayesa kutchula molakwa musamseke, mungobwereza bwino.

Chinenero chathu nchachuma pa zinthu izi, ndipo nzachisoni kuti ana ambiri alikukula ndi mau amodzi okha akuti mvula. Mwana wodziwa mau amodzi aona mvula imodzi yokha. Koma ife tinalandira maina ambiri. Alipo mawawa, amene angowaza osalowa m'nthaka. Ulipo mvumbi, umene ugwa pang'ono pang'ono usana ndi usiku, nkhuni zonse nkunyowa, nkhuku nkumangounjikana pa khonde. Alipo matalala, amene aboola masamba a fodya m'kanthawi kochepa, nasiya mlimi wa ku Nsaru manja ali m'khosi. Chiripo chizimalupsa, mvula yoyamba ija imene izima phulusa la m'tchire ndi kudzutsa pfungo la nthaka, imene munthu wanzeru sathamangira kubzala nayo. Ndipo mvula ikaleka pakati pa dzinja, chimanga nkupota masamba, timati ng'amba. Ikakana chaka chonse, timati chilala. Mphepo nazo ziri ndi maina: mwera wochokera kummwera chakum'mawa, umene uomba m'miyezi yozizira ndi kung'amba milomo ya ana, mpoto, imene akulu akondwera nayo m'dzinja, kabvumvulu wa m'chilimwe, amene anyamula makoko a chimanga ndi kuwazunguza pabwalo, ndi namondwe, dzina limene ana a masiku ano analimva pa wailesi m'mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe Freddy anagumula mapiri ndi midzi ya abale athu kummwera.

Sitinena kuti kamwana katenge zonsezi chaka chimodzi, iai. Koma kakamva amai ake alikuti "uwu ndi mvumbi, sukata lero," ndipo madzulo nkuona kuti mvula siinakatedi, kadzasunga mauwo, kadzasunganso chikhulupiriro chakuti amai ake anena zoona. Ndipo musachite manyazi ndi mau aja okometsa amene tiana tiwakonda koposa: mtambo wada bii, madzi azizira zii, dzuwa lalowa psuu, mphenzi yachita ng'ani. Mau otere alowa m'khutu la mwana msanga kupambana mafotokozedwe atali atali.

Mwana wa zaka zitatu kapena zinai adzafunsa kuti mvula ichokera kuti. Yankho liri pa mafuwa. Bvundukulani mphika wa madzi owira, mumuonetse nthunzi irikukwera, ndi timadontho tiri kunsi kwa chibvundikiro, timene tigwa mukachigwedeza. Mwanayo akhale pa miyendo yanu, kutali ndi moto. Chomwecho dzuwa litenthetsa madzi a m'nyanja, a m'madambo ndi a m'masamba a mitengo, nthunzi ikwera, kumwamba kuzizira, ndipo nthunziyo isanduka mtambo. Madontho akalemera agwa. Matalala ndiwo madontho omwewo amene mphepo yawakankhira pamwamba penipeni, pozizira kwambiri, naumirako. Kabvumvulu ndiye mpweya wotentha umene unyamuka pa nthaka yopsa ndi dzuwa nuzungulira pokwera. Mulibe mfiti m'menemo, mulibe mzimu, ndipo mwana auzidwe kungotseka maso ndi kufulatira kufikira pfumbi litapita.

Zizindikiro za pansi ndizo zikondweretsa ana koposa, pakuti ziri pafupi ndi maso ao. M'mwezi wa Seputembala mitengo ya m'nkhalango ya Dzalanyama iphuka masamba ofiira mvula isanagwe ngakhale dontho limodzi. Nyenje zilira m'kutentha kwa Okutobala. Nyerere zisamuka ndi mazira ao, achule ayamba msonkhano wao ku dambo, anamzeze auluka chapansipansi. Ndipo mvula itagwa, ngumbi zituluka pa chulu, abongololo adzaza njira, bowa aphuka patsinde pa mitengo. Muime naye mwana pa zinthu izi, ngakhale nchito irikukuitanani. Koma za bowa mumuuze kuti aonetse amai, asaike m'kamwa. Pamodzi ndi ichi tiwauze ana okulirapo kuti zizindikiro ndi mthenga chabe, si lonjezo. Achule akhoza kulira mvula nkupitirira ku Kabudula, ife nkutsala pouma.

Makolo athu akale anali anthu openya kumwamba, ndipo maina amene anamtcha Mulungu achitira umboni. Anati Chauta, anati Leza, amene utawaleza utchedwa ndi dzina lake, anati Mphambe, pokumbukira mphenzi ndi bingu, anati Chisumphi, wopatsa mvula, amene kachisi wake wamkulu anali ku Msinja, patsinde pa Dzalanyama, m'boma lathu lomwe lino, kumene Makewana analandira mithenga ya mafumu yodza kudzapempha mvula. Ansembe a White Fathers, pofika pa Likuni m'chaka cha 1903, anapeza anthu odziwa kale kuti mvula ndi mphatso, ndi kuti Mwini wake ali mmodzi. Tsono utawaleza ukaoneka, mtengeni mwana mumuonetse. Mudzaupeza nthawi zonse ku mbali yopenyana ndi dzuwa, kumadzulo ngati kuli m'mawa, kum'mawa ngati dzuwa lapendeka, pakuti ndiwo kuwala kwa dzuwa kopyola m'madontho. Pomwepo mumuuze mwachidule za Nowa, ndi kuti Mulungu anaika utawo ukhale chizindikiro cha mtendere. M'buku la Danieli, mutu wachitatu, anyamata atatu aja m'ng'anjo ya moto aitana mvula, mame, mphepo, chisanu, kutentha, mphenzi ndi mitambo kuti zitamande Mwini wake. Ndipo Fransisko Woyera wa ku Assisi, chapafupi ndi chaka cha 1225, anayesa dzuwa ndi mphepo abale ake, nayesa madzi mlongo wake. Nyumba iri yonse ikhoza kuchita chomwecho m'mau ake ake. Mutatha pemphero la m'mawa mumfunse mwana, "Kunja kwacha bwanji lero?" ndipo chimene ayankha, kaya dzuwa kaya nkhungu, muthokoze nacho Mulungu pamodzi.

Za mphenzi

Apa tikhalitsa pang'ono, pakuti apa ndi pamene pali imfa, ndiponso ndi pamene mabodza achuluka.

Mphenzi ndi moto wa mtundu umodzi ndi magetsi, umene usonkhana m'mtambo wautali wa mvula nulumphira pansi. Polumpha usankha njira yapafupi, ndiyo chinthu chimene chatalika kupambana zinzake: mtengo woima wokha m'munda, bulugamu wa m'malire, munthu woimirira pa dambo kapena pa bwalo la mpira, mbusa pakati pa ng'ombe zake. Bingu ndilo liu lake chabe. Kuwala kufika m'maso pomwepo, koma liu liyenda pang'ono pang'ono, kilomita imodzi pa masekondi atatu. Chifukwa chake tiona ching'aning'ani poyamba ndi kumva kugunda pambuyo. Ana a sukulu akhoza kuwerenga pakati pake nadziwa ngati mtambo ulikudza kapena ulikupita. Koma lamulo la onse ndi ili, kuti pamene khutu limva bingu, mphenzi ikhoza kufika pamenepo.

Kwa kamwana lamulo likhale lalifupi, lakuti nkulowa m'miyendo: "Kukagunda, kunyumba!" Muchite naye ngati masewera tsiku la dzuwa, mkulu wake agunde pa ndowa, onse athamangire m'nyumba akuseka, kuti tsiku la mvula miyendo idziwe yokha kopita. Ndipo mumuuze kawiri kawiri kuti mtengo si nyumba. Ichi chibvuta, pakuti mwana waona chilimwe chonse kuti mtengo wa mango ndiwo mthunzi wa banja, pamene amai asendera nandolo ndi atate alandirira alendo. Tsono mvula ikayamba mtima wake umtuma komweko. Akulu omwe ambiri aphedwa alikuusa mvula pansi pa mtengo. M'nyumbamo akhale pakati, asaime pa khomo kapena pa khonde kuonerera, ndipo asatuluke kufikira patapita theka la ora chigundire bingu lotsiriza. Alezi aang'ono aja, atsikana a zaka zisanu ndi ziwiri amene tiwasiyira makanda popita ku munda, ndiwo ayenera kudziwa lamulo ili kupambana onse. Munthu akaombedwa, musaope kumkhudza, pakuti moto uja sutsala m'thupi. Mumthandize msanga ndi kumtengera ku chipatala cha pafupi, kapena ku St Gabriel's ku Namitete, chimene asisitere a Karimeli ochokera ku Luxembourg anachitsegula m'chaka cha 1959.

Mwana aphunzira mantha pa nkhope ya amai ake. Mai akapfuula ndi kubisa mutu, mwana adziwa kuti palibe wompulumutsa. Koma mai akamfungatira, nachita naye chizindikiro cha mtanda, nanena ndi mau ofatsa kuti, "Ilo ndi bingu, lipita posachedwa, ife tiri m'nyumba," mwanayo aphunzira kuchenjera kopanda kunjenjemera. Mungamuuze za Ambuye Yesu amene anagona tulo m'ngalawa namondwe alikuomba, nadzuka, natontholetsa nyanja.

Chinthu chimodzi tikupemphani ndi mtima wonse kuti muchileke. Timva kawiri kawiri mai wotopa alikuti kwa mwana wokana phala, "Wamva? Mulungu wakwiya nawe, akumenya ndi mphenzi." Tidziwa kuti anena pofuna mwana adye, ndipo mwina mwana adyadi. Koma mwagula mbale imodzi ya phala ndi mtengo waukulu, pakuti mwamuonetsa Atate wa kumwamba ngati munthu wa ukali wolondalonda tiana ndi moto. Ambuye anatiphunzitsa kuti Atate atulutsa dzuwa lao ndi kugwetsa mvula yao pa abwino ndi oipa omwe. Mwana amene anayamba kudziwa Mulungu mwa kuopsezedwa abvutika kudza kwa Iye ndi chikondi pa tsiku la Ukaristia woyamba.

Za kumanga mvula

Bodza lina ndi lalikulu kuposa ili, ndipo silinenedwa kwa mwana, koma pamaso pa mwana. Mvula ikachedwa, kapena ng'amba ikafika chimanga chiri m'maondo, madzulo pa moto payamba manong'onong'o: agogo akutiakuti amanga mvula, uje sanathe kuocha njerwa zake, ndiye alikuibweza mitambo, mphenzi ija inagwa pa khola inachita kutumizidwa. Akulu ayesa kuti kamwana kali pa miyendo kagona, kapena sikamva. Kamva. Sikadziwa tanthauzo lonse, koma katola dzina la agogo aja pamodzi ndi liu limene dzinalo linatchulidwa nalo. M'mawa kawathawa pa njira, ndipo kakafika zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu kadzakhala pakati pa otola miyala.

Sitinena za kutali. M'mwezi wa Januwale 2016, m'boma la Neno, mtsikana anafa ndi mphenzi, ndipo nkhalamba zinai za banja lomwelo zinaphedwa ndi khamu la anthu, poziganizira kuti ndizo zinatumiza. Manja amene anachita ichi anali manja a tiana tsiku lina, ndipo panali munthu amene anatiuza koyamba kuti mphenzi itumidwa. Lamulo la dziko lino, chikhazikitsire chake m'chaka cha 1911, liyesa mlandu kutchula munthu mfiti. Ndipo lamulo la Mulungu, lachisanu ndi lachisanu ndi chitatu, linaletsa kale kupha ndi kunamizira.

Chifukwa chenicheni cha chilala chidziwika. Mvula yathu idza pamene mphepo zonyowa zochokera ku Congo ndi ku nyanja ya India zikomana pamwamba pa dziko lino. Zaka zina madzi a nyanja yaikulu ya Pacific, kutsidya lina la dziko lapansi, atentha kopitirira. Ichi achitcha El Niño, ndipo chisokoneza mayendedwe a mphepo kufikira kuno. Chinatero m'dzinja la 2015 kulowa 2016. Chinateronso m'dzinja la 2023 kulowa 2024, pamene m'mwezi wa Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28, ndipo Zambia ndi Zimbabwe analengeza chimodzimodzi chaka chomwecho. Kodi ndi nkhalamba iti ya pa Msundwe, yolephera ngakhale kusenza mtolo wa nkhuni, imene ikhoza kuumitsa maiko atatu pamodzi? Ngati pali manja a anthu pa kusintha kwa nyengo, ndiwo manja a ife tonse: utsi wa mafakitale ndi magalimoto a maiko olemera umene ulikutenthetsa dziko lonse, ndi nkhwangwa zathu zimene zatha mitengo ya m'mbali mwa mitsinje ndi ya ku Dzalanyama chifukwa cha makala, kotero kuti madzi a mvula athamanga ndi nthaka osalowa pansi. Papa Fransisko analemba za ichi kwa anthu onse m'kalata yake ya m'chaka cha 2015. Kamwana sikangamve za Pacific. Koma kakafunsa chifukwa chake mvula siirikudza, mukayankhe kuti mitambo siinafike, tirikuiyembekeza ndi kupempha Mulungu; ndipo dzina la munthu lisatuluke pakamwa panu.

Popeza mvula ya masiku ano siisunga tsiku monga akulu akumbukira, nkofunika koposa kuti mwana azolowere kupenya ndi kuyesa, osangotsata mwezi. Pa Chitedze, pa mseu womwe uno wa ku Mchinji, boma linatsegula malo a kafukufuku wa ulimi m'chaka cha 1948, ndipo pamenepo mvula iyesedwa tsiku ndi tsiku ndi kulembedwa m'buku. Mwa kulemba kotere tidziwa kuti chidikha chathu cha Lilongwe chilandira mamilimita a pakati pa 800 ndi 1,000 pa chaka chabwino, pafupifupi yonse kuyambira Novembala kufikira Epulo. Mwana wanu akhoza kukhala ndi Chitedze wake. Tengani chitini choongoka m'mbali, muchiike pa chitsa pabwalo, kutali ndi denga ndi mitengo. M'mawa mwana abviike kamtengo, aone pamene madzi alekeza, nanene yekha ngati ndi yambiri kapena yochepa. Atatero akhuthulire madziwo pa mbeu, kuti udzudzu usaswanemo. Pamene atate amvera za nyengo pa wailesi, amuuze mwana mwachidule, "Ati mawa kugwa mvula, tidzaona." Ndipo mawa aonedi pamodzi, kaya yagwa kaya siinagwe. Mneneri Eliya, chilala chitatha zaka zitatu, anapemphera pa phiri la Karimeli, koma anatumanso mnyamata wake kukapenya ku nyanja kasanu ndi kawiri, kufikira anaona kamtambo kochepetsetsa. Kupemphera sikunamletse kupenya.

Madzi, chisanu ndi kutentha

Tisawaletse ana mvula iri yonse. Ikagwa yofatsa, yopanda bingu, alekeni abvine pabwalo, aumbe ng'ombe za dothi, ayendetse timabwato ta makoko m'ngalande. Walira mvula walira matope, ndipo matope achapika. Kunyowa sikupatsa malungo, ngakhale chimanga chachiwisi kapena mango sizipatsa. Malungo adza ndi udzudzu umene uswana m'zithaphwi, ndipo chifukwa chake achuluka m'dzinja. Mwana aphunzire kuti kukada tilowa m'neti, monga aphunzira kuti tisamba m'manja tisanadye. Katemera wa malungo wa ana aang'ono anayamba kuperekedwa m'dziko lathu maiko ena onse asanayambe, pa Mitundu m'boma lino, m'mwezi wa Epulo 2019. Funsani alangizi a zaumoyo ku sikelo, koma neti musaichotse. Thupi likatentha, pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo.

Choopsa cha m'dzinja chimene tichipeputsa ndicho madzi oima. Mwana wa zaka ziwiri ali ndi mutu waukulu ndi wolemera. Akawerama pa ndowa kapena pa dzenje agwa chamutu, sapfuula, ndipo madzi osafika ndi m'maondo omwe akwanira kumtenga. Pafupi ndi nyumba zathu pali maenje amene tinakumba poumba njerwa. M'chilimwe mwana asewera m'menemo masiku onse, ndipo usiku umodzi wa Disembala dzenje lomwelo lisanduka dziwe, iye osadziwa kuti malo ake asintha. Ku madimba kuli zitsime zopanda chotchinga, zobisika m'udzu. Tsono mumtengere pafupi mutamgwira dzanja, muponye mwala aone m'mene umirira, nimunene, "Madzi awa ngakuya, sitifika popanda amai." Za mitsinje, ana okulirapo adziwe kuti madzi akhoza kudzala kuno kuli dzuwa, chifukwa cha mvula imene yagwa kumtunda, akaona madzi afiira ndi kunyamula zinyalala, asaoloke, ngakhale m'mawa anaoloka pomwepo ndi mwana kumbuyo.

M'Juni ndi m'Julai, pamene usiku kuzizira kutsika pansi pa madigiri 10 ndi nkhungu igona m'madambo, mau akuphunzitsa ndi akuti chisanu, ndipo chochita chake ndicho kubvala, kupfunda ndi kuothera dzuwa kuseri kwa nyumba kumene mwera sufika. Ana ambiri apsa m'miyezi iyi, poothera moto ndi malaya a nailoni kapena pogubuduka m'tulo. Moto ukhale ndi malire amene mwana awadziwa, ngakhale mzere wolembedwa pansi ndi chala. Mbaula ya makala isagone m'nyumba yotseka, pakuti itulutsa mpweya wopanda pfungo umene upha anthu ali m'tulo. Mwana akatsokomola ndi kupuma mofulumira, nthiti zirikulowa m'kati, musati ndi chisanu chabe. Chikhoza kukhala chibayo, ndipo chifuna chipatala. M'Okutobala ndi m'Novembala, dzuwa likafika pamutu, mwana aphunzire mau awiri, mthunzi ndi madzi, ndipo azolowere kupempha madzi asanafooke. Koma khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi liyamwe kawiri kawiri, bere lokha likwanira.

Kwa inu alezi a m'sukulu za mkombaphala, amene musonkhanitsa tiana m'makalasi a mpingo ndi pansi pa zisakasa, ambiri popanda malipiro: simusowa mabuku a zithunzi za chipale cha ku Ulaya chimene ana athu sadzachiponda. Tulukani nao m'mawa uli wonse, afunsidwe mmodzi mmodzi chimene aona kumwamba ndi chimene amva pa khungu. Wina alembe dzuwa pa mchenga, wina mtambo, wina atole tsamba louluka ndi mphepo. Agogo a m'mudzi aitanidwe tsiku lina kudzatchula maina a mvula ndi a mphepo monga anawamvera kwa makolo ao, ana akhale pa miyendo yao ndi kuwagwira manja.

Ndipo kwa atsogoleri a miphakati tipempha kuti mvula isanayambe, Loweruka limodzi la mwezi wa Okutobala, abambo ndi anyamata ayende m'mudzi ndi makasu, akwirire maenje a njerwa amene ali pafupi ndi nyumba, aike mitengo ndi minga pa zitsime za ku madimba, nayang'ane denga la chisakasa cha ana ngati lamangika bwino. A nyakwawa auzidwe tsikulo lisanafike, kuti ndi anansi athu a mipingo ina adze ndi makasu ao.